Nkhokwe za Makompyuta ndi Magetsi a Anthu a ku Phalombe

Nkhani ya madzulo ano ikuchokera ku Phalombe, boma limene lakhala patsinde pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, nkutambalala mpaka ku madambo a nyanja ya Chilwa. Munthu amene waima pa msika wa Migowi dzuwa litangolowa amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pafupi naye, m'magolosale ndi m'malo ometera, mababu ayaka ndipo wailesi zili kulira. Koma akaponya maso ku chigwa chimene chimatsetsereka kunka ku Chilwa, amaona mdima wokhawokha, mwina ndi kakuwala ka tochi apa ndi apo. Mawaya a magetsi amatsata msewu ndi malo a malonda. Midzi yambiri imangowaona akudutsa m'mwamba.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 429,450 m'boma la Phalombe. Kalembera yemweyo adapezanso kuti m'dziko lonse la Malaŵi nyumba 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse ndizo zinkawunikira ndi magetsi a mawaya, ndipo zambiri mwa izo zidali m'mizinda. Chiyambire pamenepo chiwerengerocho chakwerako, makamaka chifukwa cha timagetsi ta sola timene anthu amapachika pa denga, komabe mayi wa kwa Jenala kapena kwa Nkhulambe akadaphikirabe nkhuni, ndipo mwana wake akadawerengabe ndi tochi ya mabatire.

Kuseri kwa phiri lomweli, kumbali ya kummwera, m'boma la Mulanje, kuli mudzi wa Bondo. Omvera achikulire akukumbukira kuti kufikira m'chaka cha 1998 Phalombe ndi Mulanje lidali boma limodzi, kotero kuti anthu a ku Bondo ndi abale chabe a tsidya lina la phiri. Kumeneko madzi a mtsinje wa Lichenya, potsika m'phiri, amapatutsidwira mu ngalande ndi kuponyedwa m'mipope kuti azunguze makina ang'onoang'ono opanga magetsi. Ntchitoyi ili m'manja mwa kampani ya MEGA, imene idabadwa ndi thandizo la bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi mabungwe ena akunja. Mphamvu zake zonse sizifika ngakhale theka la megawati imodzi, koma zakwanira kuyatsa nyumba za m'midzi ingapo, masukulu, chipatala chaching'ono ndi zigayo.

M'chaka cha 2023 ku Bondo kudafika mlendo wa mtundu wina ndithu, kampani ya Gridless ya ku Kenya, imene mwa oikamo ndalama muli kampani ya Block ya Jack Dorsey, mmodzi wa anthu amene adayambitsa Twitter. Mlendoyu adadza ndi makompyuta, nawatsekera m'kanyumba kuti azidya magetsi a mtsinje wa Lichenya. Ntchito ya makompyutawo ndi kuwerengetsa masamu usana ndi usiku pofuna kupeza Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene munthu sangaigwire m'manja, imenenso Banki Yaikulu ya dziko lino idachenjeza m'chaka cha 2019 kuti si ndalama yovomerezeka m'Malaŵi muno.

Wina angafunse kuti, nanga kumudzi kumene magetsi ali ochepa chotere, makompyuta a alendo akudyeranji nawo? Yankho lake lagona pa chikhalidwe cha magetsi enieniwo. Magetsi sali ngati chimanga chimene mlimi amakolola m'mwezi wa Epulo nkuthira m'nkhokwe kuti adzadye m'mwezi wa Disembala. Akapangidwa ayenera kugwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo, pokhapokha pakhale mabatire aakulu, amene mtengo wake ndi woboola m'thumba. Tsono mudzi umafuna magetsi ambiri madzulo, pamene nyumba zonse zayatsa. Pakati pa usiku anthu agona, chigayo chatsekedwa, koma mtsinje sugona. Madzi amatsikabe, makina amazungulirabe, ndipo mphamvu imene ikadatuluka pamenepo ilibe woigula. Malinga ndi momwe kampani ya Gridless imalongosolera, makompyuta ake amadya zotsala zokhazo, ndipo mudzi ukafuna magetsi ambiri iwo amazimitsidwa. Phindu limene lapezeka amagawana ndi eni makina, amene amapezapo ndalama yolipirira antchito ndi kukonzera zowonongeka.

Ngati pangano liyendadi chotero, palibe amene walandidwa kanthu. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kameta bwino. Chimene chachititsa kuti ziyende ndi chakuti mudzi ndiwo umayamba kudya, mlendo nkudya mkute. Omvera asunge mfundo imeneyi, pakuti m'maiko ena mbale zimenezi zidatembenuzidwa.

Kanyumba ka ku Bondo ndi mwana wakhanda wa zinyumba zikuluzikulu zimene m'Chingerezi amazitcha data centre, zimene m'nkhani ino zitchedwa nkhokwe za makompyuta. Munthu wa pa Chiringa akatumiza chithunzi pa WhatsApp, akaonera kanema pa YouTube kapena akafunsa funso kwa makina anzeru amene amayankha ngati munthu, ntchitoyo simathera m'foni mwake. Uthenga umayenda m'mawaya, nthawi zina pansi pa nyanja zamchere, kukafika m'chinyumba chopanda mazenera momwe makompyuta zikwizikwi andandalikidwa m'mashelefu. Makompyuta amenewa amadya magetsi, natulutsa kutentha, ndipo kuti asapse pamafunikanso magetsi ena, kapena madzi, owaziziritsa. Bungwe la International Energy Agency lidawerengera kuti m'chaka cha 2024 nkhokwe zotere zidadya pafupifupi 1.5 pa 100 ya magetsi onse a pa dziko lapansi, ndipo likuyembekeza kuti pofika 2030 zidzadya mopitirira kawiri pamenepo.

Kuti kukula kwa njala imeneyi kumveke, pafunika kuyerekeza ndi za kuno. M'mwezi wa Sepitembala 2024 kampani ya Microsoft idachita pangano la zaka 20 logula magetsi onse a makina amodzi a nyukiliya a pa Three Mile Island ku America, okwana mamegawati 835. Makina onse a EGENCO, kuyambira a pa Nkula amene adayamba ntchito m'chaka cha 1966, a pa Tedzani, a pa Kapichira mpaka a ku Wovwe ku Karonga, kuwonjezapo minda ya sola ya ku Salima ndi ku Golomoti, sangafike pa chiwerengero chimenecho. Pangano limodzi la kampani imodzi laposa magetsi a mtundu wonse wa Amalaŵi.

Makampani a mtundu umenewu ndi ena mwa olemera koposa pa dziko lapansi. Chodabwitsa nchakuti maboma ndiwo amawakopa ndi mphatso. Omvera onse akulidziwa bwino liwu lakuti sabuside. Amalidziwira pa makuponi a feteleza amene adayamba m'chaka cha 2005, ndi pa ndondomeko ya AIP imene idalowa m'malo mwake m'chaka cha 2020. Amadziwa mizere ya pa depoti, amadziwa mikangano ya maina pa bwalo la mfumu, ndiponso amadziwa kuti akuluakulu a zachuma amadandaula chaka ndi chaka kuti sabuside imalemetsa thumba la Boma. Koma ilipo sabuside ina imene ilibe mzere ndipo siitanidwa maina pa bwalo. Iyo imalembedwa m'mapangano a m'maofesi. Boma limauza kampani kuti isalipire msonkho pa makina amene yagula, kapena limaipatsa malo, kapena limaimangira mawaya ndi mathiransifoma, kapena limaigulitsa magetsi pa mtengo umene munthu wamba sangaulote.

Ku America, m'dera la Washington, kuli tauni yaing'ono ya alimi a mbatata yotchedwa Quincy. Magetsi a kumeneko amachokera m'madamu a pa mtsinje wa Columbia, ndipo mwini wake ndi bungwe la anthu a m'deralo, osati kampani yofuna phindu, nchifukwa chake ali otsika mtengo kwambiri. Cha m'ma 2006 makampani a Microsoft ndi Yahoo adanunkhiza mtengowo nayamba kumanga nkhokwe zawo pakati pa minda. Chilungamo chikufuna kuti zinenedwe kuti tauniyo idapindula, popeza msonkho wa pa nyumba zimenezo udakweza chuma cha khonsolo. Koma magetsi otsala a m'madamuwo adanka nachepa, ndipo tsopano bungwelo lili pa ntchito yofuna magetsi ena okwera mtengo, ndi mkangano wakuti adzalipire ndani, alimi kapena makompyuta.

Dera la Virginia, kumene kuli nkhokwe zochuluka koposa kwina kulikonse, lidachotsera makampaniwa msonkho wa pogula zipangizo. Ofufuza a nyumba ya malamulo ya deralo adalengeza m'mwezi wa Disembala 2024 kuti m'chaka chimodzi chokha cha boma, cha 2023, msonkho wokhululukidwawo udakwana madola 928 miliyoni. Ofufuza omwewo adapeza kuti nkhokwe yaikulu ikatha kumangidwa imalemba anthu pafupifupi 50 okha. Ntchito zambiri zimaoneka pa nthawi yomanga, ndipo amisiri akapakira zida zawo pamatsala alonda ndi akatswiri owerengeka. Esiteti imodzi ya tiyi ku Mulanje imalemba anthu ochuluka kuposa pamenepo m'nyengo yothyola. Ku Ireland nako, nkhokwezi zinkadya 5 pa 100 ya magetsi a dzikolo m'chaka cha 2015, koma pofika 2024 zidali kudya 22 pa 100, mpaka oyang'anira mawaya adayamba kukana kulumikiza zatsopano m'dera la mzinda wa Dublin.

Palibe kampani yaikulu yotere imene yamanga ku Phalombe, ndipo ena anganene kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Koma khalidwe logulitsa magetsi a anthu onse motchipa kwa wamkulu mmodzi ndi lakale m'chigawo chino cha Africa, ndipo phiri la Mulanje lomwe lidatsala pang'ono kulowamo. Pamwamba pake, pa Lichenya, pali dothi la bauxite limene amapangira aluminiyamu. Kampani ya Lonrho idalifufuza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, koma mpaka lero silidakumbidwe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake nchakuti kusungunula aluminiyamu kumafuna magetsi ochuluka zedi, otsikanso mtengo, amene mtsinje wa Shire sukadatha kupereka.

Anzathu a ku Mozambique adali nawo magetsiwo. Damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi m'chigawo cha Tete, lidatsekedwa m'chaka cha 1974 ndipo mphamvu zake ndi mamegawati 2,075. Atsamunda a Chipwitikizi adalimanga ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, kotero kuti mawaya ake akuluakulu adadutsa pamwamba pa midzi ya m'Tete ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka kufupi ndi Johannesburg. Dziko la Mozambique lidatenga gawo lalikulu la umwini wa damuli m'chaka cha 2007, patapita zaka 32 chilandirire ufulu. M'chaka cha 2000 pafupi ndi Maputo padatsegulidwa fakitale ya aluminiyamu ya Mozal, imene idapatsidwa mwayi wolipira msonkho wa 1 pa 100 yokha ya zogulitsa zake, pamodzi ndi magetsi a mtengo wapadera okwana mamegawati pafupifupi 950. Kwa zaka zambiri fakitale imodziyi inkadya pafupifupi theka la magetsi onse ogwiritsidwa ntchito m'dzikolo, uku anthu ambiri a kumidzi akugona mumdima.

Mozal idabweretsa ndalama zakunja ndi ntchito kwa anthu masauzande, zimenezo nzosakanika. Chimene chiyenera kuonetsetsedwa ndi zimene zidachitika pangano litayandikira kutha. M'chaka cha 2025, pamene chilala chidachepetsa madzi a m'damu ndipo eni magetsi adafuna mtengo wokwererapo, kampani ya South32, mwini gawo lalikulu la fakitaleyo, idalengeza kuti idzaimitsa ntchito m'mwezi wa Malichi 2026 chifukwa sidapeze magetsi okwanira pa mtengo umene idati ingathe. Boma lidapezeka pakati pa miyala iwiri: kupitiriza kugulitsa motchipa, kapena kuona antchito ake akubwerera kumudzi. Amene adadza chifukwa cha mtengo wotsika amachoka mtengowo ukakwera. Ndipo ngati izi zichitika ndi fakitale ya ng'anjo zolemera zosanyamulika, nanji makompyuta amene angathe kupakiridwa mu lole usiku umodzi.

Malaŵi naye ali ndi chipsera chake. Pa pangano la m'chaka cha 2007 la mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, kampani ya Paladin ya ku Australia idachepetseredwa msonkho wa pa miyala kuchoka pa 5 pa 100 kufika pa 1.5 pa 100 m'zaka zoyamba, ndipo Boma lidalandira gawo la 15 pa 100 la mgodiwo. Mgodi udatsegulidwa m'chaka cha 2009, nuimitsidwa m'chaka cha 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa. Bungwe la ActionAid lidawerengera m'chaka cha 2015 kuti dziko lidataya madola opitirira 43 miliyoni m'zaka 6 kudzera m'misonkho yokhululukidwa ndi njira zina zotulutsira ndalama. Kampaniyo idatsutsa kawerengedwe kameneko. Chimene palibe angatsutse nchakuti panganolo lidakhala lachinsinsi zaka zambiri, ndipo anthu a ku Karonga ankangomva za m'maluwa.

Mayesero a lero ali ndi nyambo yatsopano, ndiyo dola. Dziko lino lakhala pa usiwa wa ndalama zakunja, ndipo omvera sadaiwale mwezi wa Novembala 2023 pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100, mitengo ya shuga, sopo ndi feteleza nkulumpha sabata lomwelo. Kampani ya magetsi imene imagula zipangizo zake ndi madola koma nkumatolera makwacha kwa ogula imamva kukoma mlendo akanena kuti iye adzalipira ndi madola. Dziko la Ethiopia lidalawa zimenezi. Litamanga damu lake lalikulu pa mtsinje wa Blue Nile, limene lidatsegulidwa mwamwambo m'mwezi wa Sepitembala 2025, lidakhala ndi magetsi ochuluka kuposa mawaya owafikitsira kumidzi. Makampani okumba Bitcoin, ambiri a ku China, adakhamukirako chifukwa cha mtengo wa masenti atatu okha a ku America pa yuniti. Madola adalowadi. Koma pafupifupi theka la anthu a dzikolo adali opanda magetsi, ndipo m'chaka chomwecho cha 2025 kampani ya magetsi ya boma idalengeza kuti yaleka kulandira okumba atsopano.

Tsono funso lingadze lakuti, Malaŵi ali nazo zotsala zoti agulitse? Pa mawaya a ESCOM yankho lake lero ndi lakuti ayi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje umodzi, Shire, ndipo mtsinjewo ukadwala dziko lonse limagona. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la pa Kapichira nazimitsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo padapita chaka chathunthu ndi miyezi makinawo asadabwerere. Owotcherera zitsulo a pa Migowi akukumbukira masiku amene ankakhala pa benchi tsiku lonse, nkuyamba ntchito pakati pa usiku magetsi atabwera. Amayi ankagona pa chigayo ndi matumba awo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adadzagwetsanso mapolo ndi milatho m'Phalombe ndi m'Mulanje, natenga miyoyo yambiri, nakumbutsa achikulire za Napolo wa m'phiri la Michesi wa m'mwezi wa Malichi 1991.

Koma mawa zinthu zikhoza kusintha, ndipo nchifukwa chake nkhaniyi ikukambidwa lero. M'mwezi wa Meyi 2025 Banki ya Dziko Lonse idavomereza madola 350 miliyoni othandizira kumanga damu la Mpatamanga pa Shire, limene lidzapereka mamegawati 358. Palinso mawaya akuluakulu ochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzafika pa Phombeya ku Balaka, olumikiza dziko lino ndi magetsi a maiko oyandikana nalo. Magetsi ochuluka akadzafika, ogula akuluakulu adzafika nawo limodzi, ena a migodi, ena a mafakitale, mwinanso ena a makompyuta. Ku Kenya, Microsoft pamodzi ndi kampani ya G42 adalengeza kale m'mwezi wa Meyi 2024 za cholinga chomanga nkhokwe ya madola 1 biliyoni ku Olkaria, kumene magetsi amachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka. Maso a makampaniwa ali kale pa Africa.

Apa mpofunika kusiyanitsa. Dziko limafunika nkhokwe yakeyake yosungiramo kaundula wa nzika, za misonkho, za zipatala ndi za mabanki, kuti zinsinsi za mtundu zisagone kwa eni ake ena. Boma lidatsegula nkhokwe yotere ku Blantyre m'chaka cha 2022, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo magetsi amene imadya ndi ochepa poyerekeza ndi zimphona zatchulidwazi. Imeneyo ndi nkhokwe ya pakhomo. Nkhani ili pa nkhokwe ya mlendo, imene ntchito yake ikupindulira anthu a kutsidya kwa nyanja, koma magetsi ake akuchokera mu mtsinje wa kuno.

Nkhokwe ya mtundu umenewu imasiyana ndi kanyumba ka ku Bondo pa chinthu chimodzi chachikulu. Makompyuta okumba Bitcoin angathe kuzimitsidwa madzulo nkuyatsidwanso pakati pa usiku popanda wina wodandaula. Nkhokwe yosunga mauthenga a anthu kapena yoyendetsa makina anzeru siifuna kuphethira ngakhale kamodzi. Imafuna magetsi maola 24, m'dzinja ndi m'chilimwe, ndipo mwini wake amalembetsa zimenezo m'pangano, ndi chindapusa chake. Tsono m'mwezi wa Okutobala, Shire atatsika, pamene woyang'anira mawaya ayenera kusankha woti amuzimitsire, sadzayang'ana kwa amene ali ndi maloya ndi chindapusa. Adzayang'ana ku mzere wopita ku Phalombe.

Pali ndi nkhani ya mtengo, imene kayendedwe kake nkosavuta kumva. Kampani yogawa magetsi imawerengera zonse zimene imawononga pogula magetsi, pomanga mawaya, pobweza ngongole ndi polipira antchito, nkupita nazo ku bungwe la MERA, limene limavomereza mitengo. Ndalama yonseyo iyenera kutoleredwa kwa ogula. Wogula mmodzi wamkulu akapatsidwa mtengo wosafika pa zimene zawonongedwa pomufikitsira magetsi, mpatawo sumangosowa ayi. Umagawidwa pa mayunitsi a ometa tsitsi, a chigayo ndi a mphunzitsi, kapena Boma limaukwirira ndi misonkho. Ndipo midzi imene ilibe magetsi nayo imasonkha, pakuti ndondomeko ya MAREP, imene yakhala ikufikitsa mawaya kumidzi chiyambire zaka za m'ma 1980, imadalira msonkho wa pa mafuta ndi magetsi, ndipo msonkho wa pa mafutawo umabisala mu mtengo wa minibasi ndi wa kabaza wa njinga yamoto. Mayi wopita ndi nandolo ku msika amathandiza kugula thiransifoma imene sadzaiona.

Za madzi nazo siziyenera kudumphidwa, makamaka m'boma limene lidaona nyanja ya Chilwa ikuuma m'chaka cha 1995 ndi kuphwanso kwambiri m'chaka cha 2018. Mu mzinda wa The Dalles ku Oregon, nkhokwe za Google zidamwa madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi onse a mzindawo m'chaka cha 2021. Anthu adazidziwa mochedwa, popeza khonsolo ya mzindawo idakasuma nyuzipepala ku khoti pofuna kuti chiwerengerocho chisaululike, ndipo idagonja kumapeto kwa 2022. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu umene mwini wake akukana kuti ung'ambidwe ndiwo woyenera kuukayikira. M'Malaŵi muno lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za Boma lidayamba kugwira ntchito m'mwezi wa Sepitembala 2020. Khansala, mfumu, mtolankhani kapena mlimi ali ndi mphamvu yopempha kuona pangano limene likukhudza chuma cha anthu onse.

Kukana mlendo aliyense sikungakhale nzeru. Kampani ya magetsi imafuna wogula wamkulu wolipira mokhulupirika, chifukwa obwereketsa ndalama zomangira damu amafunsa kuti magetsiwo adzagula ndani. Maiko ena aphunzira kulandira mlendoyo ndi mfundo zolimba. M'mwezi wa Julayi 2025 oyang'anira mitengo ya magetsi m'dera la Ohio ku America adavomereza kuti nkhokwe zikuluzikulu zatsopano za m'dera la kampani ya AEP zizilipira 85 pa 100 ya magetsi amene zaitanitsa, kaya zawagwiritsa ntchito kaya ayi, kwa zaka zofika 12. Cholinga chake nchakuti kampani ikaitanitsa mawaya nkusintha maganizo, ngongoleyo isagwere mabanja. Kwina akuti amene akufuna magetsi ochuluka adzimangire makina ake, nawonjeze pa zimene dziko lili nazo. Ngati eni dziko lolemera akuumiriza zotere, nkovuta kuona chifukwa chimene dziko losauka lingaperekere zake mwaulere.

Anthu a ku Phalombe akudziwa kusiyana kwa chinthu cha onse ndi chinthu cha munthu mmodzi, chifukwa adachikumba ndi manja awo. M'zaka za m'ma 1970, pamene Boma lidayambitsa ntchito ya madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera m'phiri, midzi ya m'chigwachi idatuluka ndi makasu. Boma ndi mabungwe adapereka mipope ndi amisiri, koma ngalande za makilomita ambirimbiri adakumba ndi eni mudzi, mudzi uliwonse chigawo chake, popanda malipiro. Pampopi uliwonse padaikidwa komiti. Munthu akadabwera masiku amenewo nkupempha kuti mpope waukulu uyambe wadzaza thanki yake midzi isadatunge, pa mtengo wochepa kuposa wa mayi wa ndowa imodzi, nkhani yake ikadathera pa bwalo la mfumu dzuwa lisadapendeke.

Pangano la magetsi silifika pa bwalo la mfumu. Limakambidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'Chingerezi cha maloya, ndipo limatha zaka 20 kapena kupitirira. Komabe zipata zilipo. Bungwe la MERA limaitana anthu ku misonkhano pamene ESCOM yapempha kusintha mitengo yake ya zaka zingapo, ndipo aliyense angathe kukafunsako kuti wogula wamkulu akulipira zingati pa yuniti. Aphungu a ku Phalombe ali ndi mpando m'Nyumba ya Malamulo, kumene ngongole za madamu zimavomerezedwa. Maina a malo amene MAREP idzafikeko amadzera ku khonsolo ya boma, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi ya kwa Mkhumba, kwa Nazombe, kwa Kaduya ndi kwa Chiwalo ali ndi ufulu wofunsa kuti malo awo ali pa nambala yanji, ndi kuti adzafikiridwa chaka chiti.